Nkhawa Ikasanduka Matenda: Phunziro kwa Mlimi ndi a pa Banja Pake

Pa sukulu yathu ino timaphunzitsa munthu kuzindikira matenda asanafalikire. Wophunzira wa caka coyamba amadziwa kuti masamba a m'munsi a cimanga akayamba cikasu ndiye kuti mbeu ikupempha urea, ndipo kuti nkhuku yozyolika, yopotoka khosi, yagwidwa ndi citopa. Tazindikira kuti pa zaka zonsezi takamba zambiri za nthaka, za ng'ombe ndi za nkhokwe, koma za mutu wa mlimi mwini wake takamba pang'ono. Phunziro la mwezi uno likuyamba kubweza ngongole imeneyo.

Cimene catikakamiza kulemba ndi nkhani ya mmodzi wa ophunzira athu akale, bambo wa ana anai, amene watilola kuti tiifotokoze popanda kuchula dzina lake. Iye anali mmodzi wa alimi ambiri amene cimanga cao cinapserera pa cilala ca 2023/2024, cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga anaonongeka. Kuti mnzathuyu anasowa tulo m'miyezi imeneyo, palibe amene angadabwe. Codabwitsa cinabwera caka cotsatira. Mvula inagwa bwino, cimanga cinabereka, nkhokwe inadzaza, koma tulo sitinabwerere. Tambala asanalire iye anali atadzuka kale, ataima pabwalo, akuyang'ana kumwamba. Kukaca dzuwa masiku awiri otsatizana, mtima unkamugunda ngati ng'oma, cakudya cosalowa. Anapita kukiliniki katatu akuganiza kuti ndi matenda a mtima, ndipo katatu konse anauzidwa kuti mtima uli bwino, malungo palibe, BP siinakwere. Anabwerera kunyumba ali wokwiya, poganiza kuti adokotala sakumusamala. A pa banja pake anayamba kunong'onezana za munthu wina wansanje ya zokolola.

Matenda ake anali nkhawa.

Nkhawa yabwino ndi nkhawa yodwalitsa

Tisanapite patali tinene poyera kuti nkhawa payokha si matenda. Mlimi wosada nkhawa ndi mlimi woopsa. Nkhawa ndiyo imatidzutsa mu Okutobala kukakumba maenje a gamphani mvula isanagwe, ndiyo imatiyendetsa m'munda m'mawa kukasuzumira m'makutu a cimanga ngati mbozi zalowa, monga taphunzirira cifikireni mbozi za fall armyworm m'dziko lino kumapeto kwa 2016. Nkhawa yotere ili ndi nchito yake, ndipo nchitoyo ikatha imakhala pansi.

Nkhawa yodwalitsa ili ngati galu amene wayamba kuuwa usiku wonse. Galu timaweta kuti auwe pamene mbala yafika kukhola. Koma akayamba kuuwa tsamba likagwa, mwezi ukatuluka, mwana akatsokomola, ndiye kuti mudzi sugona, ndipo tsiku limene mbala idzabwere zoona palibe amene adzatuluke. Acipatala amasiyanitsa mitundu iwiriyi poyang'ana zinthu zingapo: ngati nkhawayo yakula kuposa cimene ikuopa, ngati munthu akulephera kuiletsa ngakhale afune, ngati yakhalitsa, ndi ngati yayamba kumulanda nchito, tulo ndi mtendere wa m'nyumba. Pa mtundu uja wa kudera nkhawa ciliconse, lero ngongole, mawa thanzi la ana, mkuja mvula ya caka camawa, amayang'ana ngati zakhala zikucitika masiku ambiri kwa miyezi pafupifupi 6.

Si matenda a azungu kapena a anthu a m'tauni, monga ena amanenera. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, akazi oculuka kuposa amuna, ndipo kuti mwa anthu anai odwala, mmodzi yekha ndiye amalandira thandizo. Kwathu kuno timangowachula maina ena. Timati "ali ndi maganizo", "mtima wake suli m'malo", "BP yamukwera", pamene mwina palibe amene anamupima.

Zimene zimacitika m'thupi

Munthu akakumana ndi mamba m'munda, thupi silidikira kuti aganize. Nthawi yomweyo limatulutsa m'magazi mphamvu yochedwa adrenaline. Mtima umathamanga kuti upope magazi ku miyendo, mpweya umafulumira, minofu imakungika, thukuta limatuluka, ndipo m'mimba nchito yogaya cakudya imaima. Zonsezi nzabwino, cifukwa ndizo zimamudumphitsa mizere itatu kamodzi. Vuto nlakuti thupi silisiyanitsa njoka yeniyeni ndi njoka ya m'maganizo. Kukumbukira tsiku lobweza ngongole kungaliutse cimodzimodzi, ndipo popeza palibe kothawira, mphamvu ija imangozungulira m'thupi. Ncifukwa cake wodwala nkhawa kawirikawiri sabwera kudzanena kuti "ndikuopa". Amadandaula mutu wolemera ngati wamangidwa nsalu, khosi ndi mapewa owawa, m'mimba motentha, kutsegula m'mimba, manja onjenjemera, kutopa kosadziwika bwino, kupsa mtima msanga ndi kuiwalaiwala. Sakunama, ndipo sakudziyerekeza. Ululuwo ulipodi.

Pali mtundu wina umene umaopsa kwambiri, umene acipatala amauchula panic attack. Umagwira mwadzidzidzi, munthu ali pamzere ku depoti, ali m'minibasi, kapena ali gone. Mtima umagunda mwamphamvu, cifuwa cimathina, mpweya umaoneka ngati wacepa, cizungulire cimabwera, ndipo munthu amatsimikiza kuti akufa kapena akupenga. Apa pali cinthu cimene tifuna kuti wophunzira aliyense acimvetse. Munthu akamapuma mofulumira cotero amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa muyeso, ndipo kucepa kwake m'magazi ndiko kumabweretsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndi cizungulire cija. Iye akamva dzanzi amaopa koposa, akaopa amapuma mofulumira koposa, dzanzi nkuonjezeka. Mantha akudzidyetsa okha. Kawirikawiri zimafika pacimake m'mphindi 10 zokha, kenaka nkuyamba kutsika. Ngakhale nzowawa, pazokha sizipha.

Komabe pano ticenjeze mwamphamvu. Musadzipime nokha. Kucepa kwa magazi, malungo, shuga, matenda a cithokomiro ndi matenda enieni a mtima zonse zingaoneke ngati nkhawa. Munthu amene cifuwa camupweteka koyamba, makamaka wacikulire, kapena ululu ukumugwira pogwira nchito yolemetsa, kapena ukutsikira ku dzanja kapena kukwera ku nsagwada, apite kucipatala tsiku lomwelo. Ndipo ife alimi tili ndi cina coonjezera. Ngati munthu wangomaliza kupopera thonje kapena ndiwo za kudimba, kenaka nkuyamba thukuta lambiri, malovu kudontha, kusanza, kunjenjemera ndi kuona mwacimbuuzi, imeneyo si nkhawa ai, ndi poizoni. Muvuleni zovala zimene anapopera nazo, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangani naye kucipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo.

Zimene zimaidyetsa

Nkhawa imanenepa ndi kuthawa. Tatenga nthawi kuona zimenezi pakati pa alimi anzathu, ndipo tikuganiza kuti ndi mbali imene anthu ambiri saidziwa. Mai amene anagwidwa ndi mantha aja m'minibasi amaleka kukwera minibasi. Tsiku limenelo amapepukidwa, ndipo mtima wake umaphunzira phunziro labodza lakuti wapulumuka cifukwa sanakwere. Mwezi wotsatira akuopa msika, kenaka msonkhano wa kopaletivu, kenaka ngakhale kucigayo akutuma mwana. Tomato wake akugulitsidwa ndi ena pa mtengo umene iye sauona. Bambo amene akuopa ngongole amazima foni, amazemba njira ya kwa mlangizi wa zaulimi, saonekanso ku gulu la banki ya m'mudzi. Ngongole siicepa cifukwa cakuti foni yazima. Cimene cimakula ndi cibalo ndi manyazi.

Cinanso ndi mowa. Kacasu kapena cibuku zimatontholetsadi mtima madzulo, ndipo ncifukwa cake anthu amazikhulupirira. Koma mowa ukamatha m'thupi m'bandakuca, mtima umathamanga koposa dzulo, manja amanjenjemera, tulo timaduka. Munthu amabwereranso ku botolo kuti acize zimene botolo lomwelo labweretsa. Camba naco cimautsa mantha oopsa mwa anthu ena. Tiyi wakuda kwambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene acinyamata amagula m'tumashopu zili ndi caffeine, amene amathamangitsa mtima ndi kucedwetsa tulo. Wodwala nkhawa azicepetse, makamaka dzuwa likapendeka. Pa foni tinganene cimodzi cokha: kuwerenga mauthenga a m'magulu a WhatsApp onena za mvula ndi mitengo ya cimanga pakati pa usiku sikunagwetsepo mvula.

Zimene mungayambe sabata ino

Coyamba ndi kapumidwe, ndipo musakupeputse cifukwa cakuti nkwaulere. Khalani pansi, ikani dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, mimba ikweze dzanja lanu. Tulutsani mpweya mosafulumira mukuwerenga mpaka 6. Cinsinsi cili pa kutulutsa motalika, cifukwa ndiko kumauza mtima kuti ucepetse liwiro. Citani zimenezi kwa mphindi zisanu, m'mawa ndi madzulo, pa masiku amene muli bwino. Ng'ombe sitiiphunzitsa joko tsiku limene mvula yoyamba yagwa. Timayamba m'cilimwe kuti pofika tsikulo ikhale itazolowera. Mantha aja akakugwirani, musathamange kucoka pamalopo ngati mungathe. Pumani monga mwaphunzirira, pondani pansi mwamphamvu, chulani mumtima zinthu zimene mukuziona ndi kuzimva pafupi nanu, ndipo dziuzeni kuti zimenezi munazionapo ndipo zinatha.

Caciwiri cikufuna buku lija la zolemba za pafamu limene aliyense wa inu anacoka nalo pano. Sankhani nthawi imodzi pa tsiku, dzuwa lisanalowe, osati pogona. Kwa mphindi 15 lembani zonse zimene zikukuvutani, kenaka muzigawe pawiri: zimene manja anu angacitepo kanthu, ndi zimene sizili m'manja mwanu. Tsiku limene mvula idzayambe, mtengo umene Food Reserve Agency idzalengeze, tsiku limene feteleza wa FISP adzafike, zimenezi sizili m'manja mwanu. Koma kuphimbira nthaka ndi mapesi, kusunga manyowa, kufunsa mtengo kwa ogula atatu musanagulitse, kupita kukakamba ndi amene munakongola tsiku lisanakwane, zimenezi ndi zanu. Pa ciliconse ca mbali yanu lembani cocita cimodzi caching'ono ndi tsiku lake. Maganizo akabwera usiku, auzeni kuti nthawi yao ndi mawa madzulo. Poyamba sadzamvera. Pakapita masabata awiri kapena atatu ambiri amaona kusintha.

Mnzathu uja atalemba zake anapeza cinthu cimene cinamudabwitsa. Ngongole imene inkamulepheretsa kugona anali asanaiwerengepo ngakhale kamodzi, cifukwa ankaopa kuona nambala yake. Ataiwerenga pamodzi ndi akazi ake anapeza kuti inali yokwana matumba a cimanga amene anali nawo kale, nkutsalako. Si onse amene adzapeza nkhani yabwino cotero. Ena adzapeza kuti ngongole ndi yaikuludi, makamaka amene analowa kaloba. Komabe ngongole yodziwika kukula kwake mungathe kuigawa m'miyezi ndi kukambirana, pamene yosadziwika imangokula mumdima.

Apa ulimi wabwino ndi thanzi la maganizo zimakumana. Munthu amene moyo wake wonse waukoloweka pa cimanga cokha ali ndi cifukwa comveka coyang'anira kumwamba usiku uliwonse. Amene ali ndi lima imodzi ya nshawa, ina ya mpendadzuwa kapena soya, mizere ya kandolo ndi cinangwa, mbuzi zingapo ndi kadimba, sanathetse cilala, koma cilala sicingamulande zonse tsiku limodzi. Sitikunena kuti kasakaniza wa mbeu ndi mankhwala a nkhawa. Tikunena kuti galu amauwa pang'ono pamene khola lili ndi mpanda.

Cacitatu ndico covuta: kubwerera ku zimene munathawa, pang'onopang'ono. Wophunzitsa ng'ombe sayamba ndi pulawo. Amayamba ndi cingwe, kenaka joko yopanda kanthu, kenaka kukoka cipika. Mai uja wa minibasi ayambe ndi kukaima pa siteshoni ndi mnzake mpaka mtima utatsika wokha. Tsiku lina akwere mtunda waufupi, kenaka wautali, kenaka yekha. Cofunika ndi kukhala pamalopo mpaka mantha atayamba kucepa, cifukwa akacoka mantha ali pamwamba ndiye kuti wawathirira. Njira imeneyi ndi mbali ya cithandizo cimene akatswiri amacichula cognitive behavioural therapy, ndipo ndi imodzi mwa njira zimene zatsimikizika kuti zimathandiza.

Pa za kulimbitsa thupi sititaya mau, popeza khasu limatipatsa kale zokwanira m'dzinja. Tingokumbutsa kuti m'cilimwe, zokolola zitagulitsidwa ndipo nchito itacepa, mpamene ambiri amakhala cabe ndi maganizo ao.

Kucipatala, ndi kwa anzathu

Ngati mwayesa zimenezi kwa masabata angapo popanda kusintha, kapena nkhawa yakulepheretsani kupita kumunda, kudya kapena kugona, pitani kukiliniki ndipo mukafotokoze zonse. Musangonena za mutu, cifukwa mudzabwerako ndi Panadol yekha. Nenani kuti simukugona, kuti mukuganiza kwambiri, kuti mantha amakugwirani, ndi kuti zinayamba liti. Ngati pakiliniki sangathe, pemphani kalata yopita kucipatala cacikulu. Anthu ambiri akamva za matenda a maganizo amaganiza za Chainama ku Lusaka ndipo amaopa kuti adzatsekeredwa. Wodwala nkhawa pafupifupi nthawi zonse amathandizidwa akucokera kunyumba. Ndipo lamulo lathu linasintha: Mental Health Act ya 2019 inalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda limene linkachula odwala maina onyoza.

Mankhwala alipo. Ena, monga fluoxetine, sagwira nchito tsiku lomwelo. Amatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, ndipo masiku oyamba munthu angamve ngati zaonjezeka. Ambiri amalekera pamenepo, mankhwala atatsala pang'ono kuyamba nchito. Musaleke kapena kusintha muyeso popanda kukamba ndi amene anakulemberani. Diazepam ndi wosiyana. Amatontholetsa msanga, koma thupi limamuzolowera ndipo kumuleka kumavuta, motero ndi wa masiku ocepa cabe, pa ulamuliro wa dokotala. Musagule kwa ogulitsa m'misika, musapemphe kwa mnansi, ndipo musamusakanize ndi mowa.

Si thandizo lonse limene limavala yunifomu. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa nchito yochedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi kiliniki ndi kumvetsera anthu odwala cimene Ashona amacichula kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mankhwala. Amathandiza munthu kuchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupangana cocita. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu othandizidwa motere anapeza bwino kuposa amene analandira cisamaliro ca masiku onse. Tikuchula zimenezi cifukwa magulu athu a ophunzira akale ali kale ndi mthunzi wa mtengo ndi anthu odziwana. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi munthu wodziwa kumvetsera osadula mau, ndi wosunga cinsinsi.

Kwa a pa banja ndi a mumpingo tili ndi pempho. Mau akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" kapena "ukanakhala ndi cikhulupiriro sukanaopa" amanenedwa ndi mtima wabwino, koma amaonjezera katundu wa manyazi pamwamba pa katundu wa mantha. Wodwala shuga timamupempherera ndipo timamuperekezanso kukiliniki, osaona kutsutsana kulikonse. Ticite cimodzimodzi ndi wodwala nkhawa. Tisafulumire kuloza cala kwa mnansi kapena kwa agogo okalamba. Taona mbuzi zikugulitsidwa kulipira oombeza, ubale ukutha, wodwala ali cidwalire. Ndiponso kukoma mtima kungapitirire muyeso. Mukamucitira zonse zimene akuopa, kumuyankhira foni, kumupitira kumsika caka conse, mukuthandiza matenda. Pitani naye, koma asatsale kunyumba.

Tsopano mbali imene sitingaisiye ngakhale ndi yolemetsa. Nkhawa yokhalitsa kawirikawiri imayenda ndi kukhumudwa kwakukulu, ndipo munthu angafike poganiza zodzipha. Ife alimi timasunga imfa m'nyumba zathu, m'mabotolo a mankhwala a thonje, odipira ng'ombe ndi osungira cimanga. Maganizo otere nthawi zambiri amafika pacimake kwa kanthawi kocepa, pambuyo pa mkangano kapena mowa, ndipo ngati botolo lili patali munthu amapulumuka. Mukamva wina akunena kuti watopa ndi moyo, kuti ana adzakhala bwino popanda iye, kapena mukaona akugawa katundu wake ndi kutsazika mosadziwika bwino, mufunseni mwacindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Kumamutsegulira khomo lokambira. Akavomera, musamusiye yekha, cotsani mankhwala onse ndi zingwe pakhomopo, ndipo pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Mungathenso kuimba kwaulere ku Lifeline/Childline Zambia pa 933, kapena pa 116 ngati ndi mwana.

Musadikire kuti wina adwale. Mankhwala a kumunda agulidwe okwanira nchito ya nyengo imeneyo cabe, asungidwe m'bokosi lokhoma kunja kwa nyumba yogona, ndipo m'nyumba imene muli munthu wovutika maganizo kiyi isungidwe ndi wina. Alangizi athu akamayendera minda ya ophunzira akale mwezi wamawa adzapempha kuona bokosi limeneli pamodzi ndi nkhokwe.

Mnzathu uja akali kumwa mankhwala amene analandira kucipatala ca boma. Watiuza kuti masiku ena amadzukabe usiku kukayang'ana mitambo, koma tsopano amabwerera kukagona. Caka cino wacepetsa cimanga ndi lima imodzi nkubzalapo nshawa.